Mfuti yopepuka yosakira: .308 Winchester kapena 6.5 Creedmoor?

Mlenje amene amayenda tsiku lonse atakoleka mfuti paphewa amafuna yosapitirira makilogalamu atatu, koma kupepukako kumachititsa kuti mfuti izimenya phewa mwamphamvu powomba. Apa ndi pamene mitundu iwiri ya zipolopolo, .308 Winchester ndi 6.5 Creedmoor, imasiyanirana.

Chipolopolo cha .308 Winchester, chomwe chinatuluka mu 1952, kawirikawiri chimalemera pakati pa magalamu 9.7 ndi 11.7, ndipo chimaboola bala lalikulu pa nyama yolemera. Sichitaya liwiro lochuluka ngakhale mpope wa mfuti ukhale waufupi, komanso sichitha mpopewo msanga. Vuto lake ndi lakuti mu mfuti yopepuka chimakankha kwambiri, moti mlenje wina amayamba kutsinzina ndi kugwedeza dzanja asanamalize kukoka chowombera, ndipo chipolopolo chimapita padera.

Cha 6.5 Creedmoor, chimene kampani ya Hornady inakonza mu 2007, ndi chowonda komanso chachitali, choncho mphepo siichipatutsa kwambiri pa mtunda wautali, ndipo popeza sichikankha kwambiri, phewa limapumako.

Ine ndimaona kuti woyamba kumene kusaka asankhe 6.5 Creedmoor, chifukwa kulasa pamalo oyenera kumateteza nyama kuti isathawe ndi bala n'kukafera kutali ikuvutika. Wosaka nyama zikuluzikulu m'tchire lowirira angapindule ndi .308. Pa zonse ziwiri, mpope woonda umatentha msanga, ndipo zipolopolo zimayamba kumwazikana ukawomba motsatizana, choncho poyesa mfuti ndi bwino kuwomba zitatu n'kudikira kuti uzizire.