Khamrah kapena Raghba: Kusankha Perefyumu wa Amber Kuno ku Tete

Anthu ambiri akamva dzina loti amber amaganiza za timikanda tachikasu tija, koma m'botolo la perefyumu mulibe zimenezo. Fungoli amachita kusakaniza utomoni wa labdanum, wochokera ku chitsamba cha cistus chimene chimamera kwambiri ku Spain, utomoni wa benzoin wa ku Laos ndi ku Sumatra, pamodzi ndi vanila. Zinthu zimenezi sizifulumira kuuluka, n'chifukwa chake fungo lake limakanirira pa chovala mpaka tsiku lochichapa.

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito mabotolo awiri a kampani ya Lattafa ya ku United Arab Emirates. Khamrah, amene anatuluka mu 2022, amayamba ndi sinamoni, kenako n'kutsetsereka ku fungo la zipatso za kanjedza ndi vanila, moti munthu amakhala ngati wadutsa pakhomo pamene akuphika makeke a ukwati. Raghba nayenso ndi wotsekemera, koma pansi pake pali utsi wonga wa lubani ndi fungo la mtengo wa oud, zomwe zimamupatsa ulemu wina wake. Kwa ine, ameneyu ndi woyenera kutchalitchi kapena pachinkhoswe.

Chimene ndachiona n'chakuti funso lenileni ndi la kumene mukukhala. Kwathu ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, m'mwezi wa Juni pamene chisanu cha ku Angónia chimalowa mpaka m'mafupa, Khamrah amamveka pang'onopang'ono ndipo amakoma ngati bulangete. Botolo lomwelo nditapita nalo mumzinda wa Tete mu Okutobala, nyengo imene kutentha m'mbali mwa Zambezi kumapitirira madigiri 40, kupopera kawiri kokha kunadzaza fungo m'chapa (minibasi) yonse. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando anangoti, "Achimwene, mwasamba shuga kodi?" Mlandu unali wanga, chifukwa kutentha ndi thukuta zimatukula fungo lotsekemera lililonse. Choncho wokhala kotentha, mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, ndingamulangize Raghba, madzulo okha, kupopera kamodzi. Wa kozizira ngati ku Tsangano kapena ku Dómuè atenge Khamrah mosakayika.

Pogula, musadalire kununkhiza chitsekerero. Poperani pamkono n'kudikira ola lathunthu, chifukwa fungo lenileni la amber limadzamveka bwino fungo loyambirira la perefyumuyo likatha. Botolo lina limene ndinagula motchipa pamsika linali ndi katoni yokongola ndithu, koma fungo lake linatha ndisanafike n'komwe pamalo okwerera chapa.