West Side Story pa malipenga: Empire Brass kapena gulu la Philip Jones?

Nyimbo za sewero la West Side Story, zimene Leonard Bernstein anapeka ndipo zinamveka koyamba ku Broadway, dera la nyumba za masewero ku New York, mu 1957, zinalembedwa kuti aziimba anthu mothandizidwa ndi okestra. Zikaperekedwa kwa oimba zida zamkuwa zokhazokha, mawu a Stephen Sondheim amasowa, ndipo nkhani yonse iyenera kunyamulidwa ndi mpweya wa woliza lipenga. Apa ndi pamene zimbale ziwiri zotchuka zimasiyanirana, china cha Empire Brass ya ku Boston pansi pa kampani yojambula nyimbo ya Telarc, china cha gulu la Philip Jones la ku London pansi pa kampani ya Decca.

Empire Brass ndi gulu la anthu asanu: malipenga awiri, horn, trombone ndi tuba, chida chachikulu chotulutsa mawu apansi kwambiri. Mwa anthu asanu palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, choncho mzere uliwonse umamveka poyera, ndipo nyimbo zachikondi zimapindula kwambiri. Mu "Maria", kalumphidwe ka mawu kachilendo kamene kamatsegula dzinalo kamatuluka koyera ngati kuti munthu akuitana yekha usiku. Komabe lipenga la Rolf Smedvig, woliza lipenga loyamba m'gululi, ndi lowala komanso lamphamvu kotero kuti nthawi zina anzake anayi amangokhala omuperekeza, ndipo womvera akafika pakati pa chimbale makutu amayamba kutopa. Kujambula kwa Telarc, komwe kumaika zida pafupi ndi womvera, kumawonjezera kuthwa kumeneku.

Gulu la Philip Jones, lomwe linayamba mu 1951 n'kutha mu 1986, linagwiritsa ntchito makonzedwe a Eric Crees, woimba trombone, amene analembera gulu lalikulu limodzi ndi ng'oma. Phindu lake limaonekera m'magule. "America" imasinthasintha kamenyedwe, kuchoka pa magulu awiri a zigunda zitatu kupita pa magulu atatu a zigunda ziwiri, ndipo kusinthaku kumafuna oimba ena ogwira kamenyedwe pansi pamene ena akuseweretsa nyimbo pamwamba. Anthu asanu amachita zimenezi movutikira, chifukwa wa tuba akangopuma kuti akoke mpweya pansi pamatsala pululu. Gulu lalikulu limalandirana mpweya, ndipo gule sadukiza. Ma trombone angapo akalira pamodzi amaperekanso mkwiyo wa magulu a achinyamata olimbana m'misewu ya New York, chinthu chimene trombone imodzi singathe ngakhale woimbayo atakhala katswiri chotani.

Pali chimene chimatayika. Oimba a ku Britain amenewa anazolowera kusakaniza mawu awo mpaka amveke ngati chida chimodzi, ndipo ulemu umenewu nthawi zina umaziziritsa nyimbo zimene zimafuna chipongwe cha jazi. Pamene Empire Brass imakankha noti mwamwano, a Jones amaiika pamalo pake mwaudongo. Kwa ine kutaya kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kulemera kwa mawu amene gulu lalikulu limabweretsa, makamaka mu "Somewhere", pomwe zida zapansi zimagwira noti zazitali popanda kuphwanyika.

Canadian Brass, yomwe inakhazikitsidwa ku Toronto mu 1970, nayonso inajambula nyimbo za Bernstein, ndipo mawu ake ndi ofewa kuposa a Empire Brass, koma ili ndi malire omwewo a gulu la anthu asanu.

Amene ali m'kagulu kakang'ono ka malipenga ndipo akufuna kuphunzira kugawana mizere ayambe ndi Empire Brass, popeza angathe kutsatira chida chake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene akufuna kumva seweroli monga gule ndi ndewu asankhe chimbale cha Decca, ndipo achimvetsere pa masipika otha kutulutsa mawu apansi, chifukwa pa foni tuba imasoweratu ndipo theka la ntchito ya Crees silimveka.