Mpweya wa m'matayala: wa pasitika, wophwetsako pang'ono, kapena 15 psi ija?

Amwene funso ili landikwana, aliyense akangogula njinga yamoto yaikulu ngati Africa Twin kapena Tenere amabwera kudzafunsa kuti tikachoka pa tala tiphwetse mpaka pati. Njira zilipo zitatu ndipo imodzi ndili nayo chakukhosi, ndineneretu.

Yoyamba ndi kungosiya mpweya umene opanga njingayo analemba pasitika yomata panjingapo. Africa Twin ya CRF1000L amati 29 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kutsogolo 36 kumbuyo, mukanyamula munthu kumbuyoko 41. BMW R1200GS ndi 36 ndi 42. Pa M1 palibe zokambirana, popani umenewo basi, tayala silitentha, silitha msanga ndipo mukagwera m'dzenje limu imapulumuka. Vuto lake ndi pafumbi, makamaka GS, tayala lakutsogolo limangodumphadumpha pa timiyala, pokhota mumamva likufuna kuthawa.

Yachiwiri, yomwe ine ndimapanga, ndi kuchotsako pang'ono, cha m'ma 25 mpaka 28 psi mukalowa msewu wafumbi wautali ngati wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika. Njinga imakhazikika, manja sachita dzanzi, koma tayala limakhala likadali ndi mphamvu yoteteza limu. Olo a Yamaha m'buku la Tenere 700 pafumbi anangotsitsa kufika 29 psi, osati kutsika kuposa apo.

Ndiye pali aja amati phwetsani mpaka 15 psi. Awa ndi anthu ozolowera tinjinga topepuka ta mpikisano tosakwana ndi 120 kg pomwe, malangizo awo akumawapereka kwa munthu wa chinjinga choposa 200 kg, kuphatikiza mabokosi, tenti ndi madzi. Mnzanga wina anawamvera tikukwera Gorodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, msewu wa miyala yosongoka ndi makona aja. Anagunda mwala umodzi wokha, osati pa sipidi yoopsa ayi, chubu chinapanikizika pakati pa mwala ndi limu n'kuboola mabowo awiri oyandikana, limu yakutsogolo n'kupindika kamlomo. Chigamba pamenepo sichigwira bwino. Tinachotsa tayala padzuwa pamalo otsetsereka, kenako kukasaka woti awongole limu, ndipo mpaka lero akathamanga chiwongolero chimanjenjemera. Amene anapereka malangizo uja sanasonkheko olo tambala.

Chinanso chimene sakuuzani, tinjinga tawoto timakhala ndi loko yogwira tayala ku limu. Zathuzi zambiri zilibe, ndiye mpweya ukachepa kwambiri mukaponda moto kapena buleki tayala limatsetsereka pa limu, limakoka chubu mpaka valuvu kuzuka. A chubulesi (matayala opanda chubu) musaseke, limu ikapindika mpweya umangotuluka m'mbali ndipo pulagi yotsekera bowo siithandiza kanthu.

Pamchenga wambiri ngati tinjira ta kunyanja, eya, tsitsani mpaka 18 kapena 20 kuti tayala litambasuke, koma mukangoutuluka popaninso pomwepo. Tayala lophwa pa tala limatentha ndipo pokhota njinga imalemera.

Nde pampu yaing'ono yolumikiza ku batire ndi geji yanuyanu muzikhala nazo, ma geji a pamalo omwetsera mafuta ena amanama moti mungadabwe. Yezani m'mawa matayala asanatenthe. Ngati pampu mulibe kapena mumachita ulesi kupopanso, siyani wa pasitika uja, muzingochepetsa sipidi pafumbi.