Nikon D3200 yakaunjika, miyezi 14 chigulireni: masitima a malasha, nyumba zakale ndi kamzere kondisowetsa tulo

Dzulo ndatulutsa K35,000 kulipira mnyamata wina wokonza makamera kuti anditsukire sensor, kachipangizo ka mkati mwa kamera komwe kuwala kumagwera nkukhala chithunzi, ndiye ndikubwerera kunyumba pa minibasi mnzanga wina wa kuntchito akunditumizira meseji pa WhatsApp eti aise, kamera yako ija ndi yabhobho? Pali munthu akugulitsa ngati yomweyo, ndigule? Ndinangoyang'ana risiti ndili nayo m'manja nkuseka ndekha. Ndati m'malo momuyankha ndi voice note ya maminitsi 10 ndingolemba zonse pamodzi, wina aliyense amene akufuna kuyamba zojambulazi awerengeko.

Ine si wojambula maukwati ayi, sindipanga nayo ndalama kamerayi. Chomwe chinandigulitsa ndi masitima akale a malasha ndi nyumba zakale, matenda omwe ndinatengera kwa agogo anga aamuna omwe anatchona ku Bulawayo akugwira ntchito ku njanji. Ndinaigula kwa mkulu wina wogulitsa zinthu za kaunjika pa intaneti, K320,000, inabwera ndi lenzi ya 18-55, tchaja ndi mabatire awiri. Tinakumana m'tauni, ndinajambula zithunzi ziwiri zitatu za magalimoto ali pamsewu, ndikuona pa kasikirini kakumbuyo zikuoneka bwino, basi ndalama ndinapereka.

Zomwe zikugwira sindichedwapo. Ma megapixel 24 ndi okwanira, ndinasindikiza chithunzi chimodzi chachikulu chili pakhoma pabalaza ndipo njerwa iliyonse ikuoneka. Ndi yopepuka, umayenda nayo tsiku lonse khosi osapweteka. Batire imodzi yeniyeni ija imatha tsiku lonse bwinobwino, inayo yopanda dzina inatupa patangotha miyezi itatu mpaka kumavuta kutuluka, ndinaitaya nkugula ina K40,000. Kasikirini sikapindika, ndiye ukafuna kujambula mawilo a sitima kuchokera pansi umagona chafufumimba pafumbi anthu akukuyang'ana ngati wazungulira mutu. Ilibenso zija zojambula zithunzi zitatu payokha, china chowala china chakuda, umachita kupotoza wekha. Izo ndinazolowera.

Tsopano nkhani yeniyeni. Sabata yachiwiri ndinapita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission m'mawa dzuwa lisanakwere. Amene munapitako mukudziwa, nyumba ija inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo David Clement Scott yemwe anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire zomangamanga, njerwa anaumba pomwepo zamitundumitundu, zina zopindika zina zokhala ndi maluwa, ndiye ngati ukufuna zonse zioneke kuyambira khomo mpaka nsanja zija umatseka lenzi mpaka f/11 kapena f/16, poti nambala ya f ikamakula kabowo kolowetsa kuwala kamachepa. Ndinajambula zithunzi pafupifupi 80 mtima uli mbee. Kufika kunyumba kutsegula pa laputopu, kumwamba kwa chithunzi chilichonse kuli timadontho takuda, ndipo chakumanzere kuli kamzere ngati tsitsi lopindika. Chithunzi choyamba ndinati mwina ndi mbalame. Chachiwiri mbalame yomweyo malo omwewo. Cha nambala 80 mbalame sinasunthe.

Apa ndipomwe ndinaphunzira chinthu chomwe ndikanachidziwa tsiku logula ndikanapulumutsa ndalama. Zinyalala za pa sensor sizioneka ukamajambula lenzi ili yotsegula, f/4 kapena f/5.6, komanso zimabisala pamalo pomwe pali zinthu zambirimbiri ngati msewu wodzaza magalimoto. Zimatulukira ukatseka lenzi nkujambula chinthu chosalala ngati thambo. Ndiye kuyesa kwanga kwa m'tauni kuja kunali kungodzinamiza. Kuyesa kwenikweni nkwa sekondi 10 basi, ika f/22, jambula khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, kulitsa chithunzicho. Chilichonse chimaonekera poyera.

Ndinaimbira mkulu uja. Anandiyankha mwaulemu kwambiri, achimwene musadandaule, imeneyo ndi lenzi, malenzi obwera ndi kamera amakhala choncho, ndili ndi 50mm pano yakuthwa koopsa ndikupatsani pamtengo wa pachibale. Ine kupusa, K95,000 ina inapita. Kuika lenzi yatsopanoyo zinthu ziwiri zinachitika. Choyamba mbalame ija ili pomwe paja, zomwe zikutanthauza kuti vuto silinali lenzi chiyambire. Chachiwiri lenziyo sikufokasa yokha. Ndinadzadziwa pambuyo kuti D3200 ilibe kamota kozungulitsa malenzi akale aja a AF-D, imafuna a AF-S omwe ali ndi mota mkati mwawo, ndipo munthu wogulitsa makamera tsiku ndi tsiku sangandiuze kuti samadziwa zimenezo. Nditamufunsa akuti ikugwira imeneyo bwana, mungopotoza ndi dzanja ngati akatswiri. Kubweza ndalama anakana, akuti katundu akatuluka watuluka.

Koma chilungamo ndinene, lenzi yomwe anandiyenda nayo njombayi ndi yomwe yandipatsa zithunzi zomwe ndimanyadira kwambiri. Sitima yoimikidwa ku museum sithawa, nyumba sithawa, ndiye kufokasa ndi dzanja si vuto, pali kadontho kobiriwira mkati moyang'aniramo kamayaka ukalasa. Kamutu ka sitima kakale kaja kali panja pa museum ku Chichiri ndinakajambula mbali ndi mbali, mabawuti, dzimbiri, mapaipi, utoto wosendeka, pa f/2.8 kumbuyo konse kumangosungunuka ndipo pa f/2.8 kamzere kaja sikaoneka nkomwe. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 koma ambiri timangodutsa pamenepo osacheuka. Vuto lake 50mm pa kamera iyi imaona pafupi kwambiri, Mandala House yonse ndi khonde lake lozungulira siingalowe pokhapokha ubwerere m'mbuyo mpaka kukagwera m'maluwa a eni ake, ndiye pa nyumba ndimabwerera ku 18-55, ndikutsekanso lenzi, mbalame ija nkubweranso.

Pa Mandala pomwepo ndinaphunzira chinthu china. Nyumba ija ndi ya 1882, ya kampani ya African Lakes, dzina lake linachokera ku magalasi omwe John Moir ankavala, ndipo ili ndi nsanamira zowongoka bwino. Ukaima pafupi pa 18mm nkupendeketsa kamera m'mwamba kuti denga lilowe, nsanamira zonse zimaoneka ngati zikugwera mkati, nyumba ngati ikugwa chagada. Izi zimakonzeka pa kompyuta. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya darktable chifukwa ndi yaulere, za Lightroom zolipira madola mwezi ndi mwezi ndi mmene kwacha ilili muno sindingazithe. Muli kachida kowongolera mizere, koma dziwani kuti ukawongola kamadula m'mbali, ndiye pojambula siya malo ambiri kuzungulira nyumbayo. Zithunzi zanga zoyamba ndinathinitsa kwambiri, kuwongola kokha denga linaduka.

Mwezi wa August ndinapita ku Bulawayo kwa malume, basi ya ku Harare kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, kenako ina. Cholinga chenicheni, ngakhale kunyumba ndinanena kuti ndikukaona abale, chinali Railway Museum ya ku Raylton kuseri kwa siteshoni. Abale, masitima a malasha aja otchedwa Garratt pachithunzi ndi pamaso nzosiyana. Chinthu chachitali ngati nyumba zingapo, boiler yowiritsira madzi ili pakati yolenjekeka, kutsogolo thanki ya madzi pamwamba pa mawilo ake, kumbuyo nkhokwe ya malasha pamwamba pa mawilo akenso, anapanga choncho kuti sitima yolemera chotero izitha kukhota pa njanji yopapatiza ya 1,067mm, yomweyonso tili nayo kwathu kuno. Ambiri anapangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester. Pali ngolo ya Cecil Rhodes pomwepo koma ine maso anali pa zitsulo zakudazo.

Kujambula sitima yakuda bii dzuwa la ku Matabeleland lili phwee ndi mayeso. Ukafuna thambo lioneke, sitima imangokhala chimthunzi, ukafuna mawilo aoneke thambo limapserera kuyera. Apa kamera yokalambayi inandidabwitsa. Ndinajambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe sensor yaona, pa ISO 100, pomwe chithunzi chimatuluka chopanda timadontho ta mchenga, ndikusamala kuti thambo lisapse, pa kasikirini sitima ikuoneka ngati makala ndipo ndinakhumudwa ndithu. Kufika kunyumba kukweza mithunzi mu darktable, ndikuona ndodo zolumikiza mawilo, manambala, ngakhale girizi wouma zikutuluka mumdima muja. Usiku umenewo ndinamukhululukira wogulitsa uja zonse, ndinati K320,000 inali yochepa. Kenako ndinayang'ana kumwamba kwa chithunzi. Zithunzi 214 ndinabwera nazo, pafupifupi theka zili ndi thambo, ndipo chilichonse kumafufuta madontho ndi kamzere kaja ndi kachida kofufutira kotchedwa retouch. Pa thambo loyera ukhoza kukopera kufufutako kupita ku zithunzi zina poti malo ndi omwewo, koma kamzereko kakadutsa pa waya, pa denga la shedi kapena pa chumuni, ndi dzanja basi chimodzichimodzi, laputopu yanga yokalamba ikulira fani, magetsi nkuzima uli pakati. Chikhululuko chija chinatha sabata yomweyo.

Ndinenekonso za manyazi anga. Masitima a ku museum sayaka moto, ndiye tsiku lina ndinati ndiikepo utsi pa pulogalamu ina yokonzera zithunzi ya GIMP kuti chioneke chamoyo. Ndinajambula utsi wa zinyalala kuseri kwa nyumba, kuudula bwinobwino, kuumata, kutumiza pa gulu la banja. Anthu ma emoji a moto mbwee. Malume anangoimba foni, iwe mphwanga, utsi ukutuluka pa thanki ya madzi kuyambira liti? Ndinauika kutsogolo kwenikweni ngati sitima zina, pomwe pa Garratt chumuni ili pa boiler, kumbuyo kwa thanki. Bambo awo anathera moyo pa zitsulo zimenezo, sakanalephera kuona. Kuyambira pamenepo utsi wongomata ndinasiya, ndimangowongola mizere, kukweza mithunzi, nthawi zina kusandutsa chakuda ndi choyera poti dzimbiri ndi chitsulo zimakoma choncho.

Tibwerere kwa mnyamata wa dzulo. Kamerayi ili nako kodzigwedeza yokha kuti fumbi ligwe, ndinayesanso kampira kopopera mpweya, madontho ena amachoka ena kubwera, koma kamzere ayi. Iye watsuka, madontho onse apita, thambo layera. Kenako wandiitana kuti bwerani muone akulu, wandipatsa galasi lokulitsa ndipo chakumunsi kwa sensor, poti chithunzi chimagwa chozondoka ndiye chakumwamba pa chithunzi chimakhala m'munsi, pali kukalika pa kagalasi kotchinga. Akuti wina anapukutapo ndi chinthu chokhala ndi mchenga, ndipo si ine chifukwa sindinakhudzepo chigulireni, komanso kamzereko kali pa zithunzi za sabata yachiwiri. Kusintha kagalasiko nkuitanitsa kunja ndipo mtengo womwe wanditchulira ukuyandikira theka la kamera. Wandionetsanso shutter count, nambala ya zithunzi zonse zomwe kamera yajambula chiipangireni, yomwe imalembedwa mkati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse. Mkulu uja anandiuza kuti kamera inangojambula zithunzi 8,000, ya mayi wina woisunga m'kabati. Chithunzi changa choyamba cha m'tauni chija chikuonetsa 61,000 ndi kanthu, pa kamera yomwe shutter yake, kachitseko kotseguka pojambula, anaiyesa kufika 100,000.

Ndiye ndikawerengera, 320 kuphatikiza 95, 40 ndi 35, ndi K490,000 pa kamera ya 2012 yokhala ndi chipsera chosachoka. Nditakhala pa minibasi dzulo ndimati ndiigulitse, koma ndigulitsa bwanji osanena za kamzereko, ndipo ndikanena ndani apereke ndalama yooneka. Usiku ndatsegulanso zithunzi za ku Raylton ndaona mawilo aja, mtima wabwerera. Ikhala. Ndizingojambula pa f/8 pomwe kamzereko kamazimiririka pang'ono, ndi kuika thambo lochepa.

Mnzanga uja ndamuyankha kuti kamerayo payokha ilibe mlandu, koma apite ndi memori khadi yake ndi laputopu, ajambule khoma pa f/22, aone shutter count pamaso pa mwini wake, ndipo akamva zoti ndili ndi lenzi ina pamtengo wa pachibale afunse kaye ngati ili AF-S. Wogulitsa wanga ndamutumizira chithunzi cha kukalikako ndi nambala ya 61,000 ija m'mawa uno, ndati tigawane ndalama ya kagalasi. Matiki awiri abuluu, kenako dp yake yasowa.