Kilombero, Faya kapena Pusa: tigule uti mu Limbe?

Mukaima pamzere wa ogulitsa mpunga mumsika wa Limbe, aliyense amati "Kilombero weniweni mayi, wafika dzulo kuchokera ku Karonga." Koma Karonga ili kutali, makilomita oposa 800, ndipo si thumba lililonse lomwe layenda ulendo umenewo.

Kilombero woona simufunsa munthu. Tapani pang'ono, fikisani m'manja, uzirani mpweya wa m'kamwa, kenako nunkhizani. Fungo limabwera lokha, ndipo ukakhala pamoto aneba amadziwa kuti kwanu kwafika alendo. Njere zake ndi zazitali, ukapsa umayoyoka, suphatana. Kudula kwake kuli ndi chifukwa: umakhalitsa m'munda pafupifupi miyezi isanu, alimi a ku Kaporo ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja amaulima kamodzi pachaka, dzinja, ndipo subereka kwambiri. Onjezani mtengo wa galimoto. Wina umapita mpaka ku Scotland, ndiye kuti tikulimbirana ndi azungu.

Ine ndinagwa nayo chaka chatha pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali. Pamwamba pa thumba panali Kilombero ndithu, koma kutsika chikhatho chimodzi munali wosakaniza, misere ndi timiyala. Azakhali anangolawa n'kunena kuti, "Mwagula dzina, ana inu." Kuyambira pamenepo ndimapisa dzanja mpaka pakati pa thumba, wogulitsa akwiye asakwiye.

Faya ndiye amene anthu amamupeputsa popanda chifukwa. Amalimidwa kwambiri ku Nkhotakota, ku Salima ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, kufupi ndi ife kuno. Nayenso amanunkhira, kungoti fungo lake ndi lofatsa. Pa mpunga wa Lamulungu ndi nyemba kapena nkhuku ya chikuda, ana sangasiyanitse, ndipo chenje chimatsala cha tomato ndi mafuta. Chenjerani ndi wongokolola kumene: safuna madzi ambiri, mukapyoza muyezo mudya phala.

Pusa komanso mtundu wina wotchedwa TCG10, za m'masikimu a mthirira ngati Domasi, Muona ndi Nkhate, fungo lake silifika pa la Kilombero. Zimacha msanga, zimabereka, n'chifukwa chake ndi zotchipa. Wophika zogulitsa ku Ndirande, wophikira maliro kapena phala la nsinjiro la ana asukulu asavutike ndi zina, atenge zimenezi. Koma osazilipira mtengo wa Kilombero ayi, pakuti ndi zomwezi zimene amasakanizira.

Kwathu ndimasunga makilogalamu 5 a Kilombero wa m'paketi, wa Khirisimasi ndi apongozi akabwera, pomwe Faya ndimagula wa ndowa cha mu Juni ndi Julayi, alimi atangokolola, mtengo usanayambe kukwera.