Chikwangwani n'chokongola, koma chinandisandutsa wogulitsa nyama yakutchire

Shopu yosindikiza imene inandipangira chikwangwani ndikuipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo yachitatuyo ndi ya amayi eni shopu, osati ya mnyamata wa pakompyuta uja.

Ine ndimasema ng'oma ndi ziboliboli, ndimagulitsira m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Mwezi watha ndinapita ku shopu ina yosindikiza pa boma pa Mangochi, chakumlatho uku, kuti andipangire chikwangwani cha mamita awiri, mtengo wake womwe uja wa K45,000. Mawu ndinalemba ndekha papepala: TIMAGULITSA NG'OMA. Anati Lachitatu, chinatuluka Lachisanu, zimenezo tinazolowera. Anandipatsa chokulunga, ine osatambasula, n'kukachikhoma chamadzulo kuli mdima.

M'mawa mwake kunaima bambo wina pa njinga yamoto. Sanayang'ane n'komwe katundu amene ndinayala. Anandikokera kuseri kwa shedi, n'kutsitsa mawu: "Achimwene, kilo mukupanga bwanji? Ndi yaiwisi kapena yowamba?" Ndinangoti kukamwa yasa. Atandilozera m'mwamba m'pamene ndinaona: TIMAGULITSA NGOMA. Nkhodolero palibe. Kachizindikiro kamodzi kokha kagwa, ine ndasanduka wopha ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija, ndipo ndikuchita kulengeza pamsewu waukulu, pomwe magalimoto a zanyama zakutchire amadutsa popita ku paki ya ku Cape Maclear. Anzanga ogulitsa mphasa mpaka lero akundiitana kuti "alenje".

Chimene chinandipsetsa mtima si cholakwacho ayi, koma mayankhidwe. Nditabwerera nacho, mnyamatayo sanadzuke n'komwe pampando. Akuti, "Bwana, tinakukonzerani, munalakwitsa ndinu." Anatulutsa foni, n'kulemba mawu a Chingelezi otanthauza ng'oma pa intaneti, n'kundisonyeza "ngoma". Ndinamufunsa kuti mawu amenewo anaika pamenepo ndani, ndipo n'chinenero chanji. Sakudziwa. Titayang'anitsitsa, tsambalo linali la Chiswahili! Ndiye pepala langa, lolembedwa ndi munthu amene wakhala akukunga zikopa zaka 20, anaona kuti n'lopepuka kuposa foni. Ndinati, nanga ng'ombe umalemba bwanji? Nanga ng'ona za mu Shire umu? Anangoti zimenezo n'zina.

Ndinapita kunyumba kukabwereka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa achemwali anga, amene amaphunzitsa Chichewa, buku lija a Centre for Language Studies a ku Zomba anatulutsa mu 2000. Lathetheka m'mbali, chikuto anachimata ndi selotepu, koma amene analilemba amadziwika, ndipo ungathe kuwafunsa. Ndinaliika pa kauntala, chala pa ng'oma. Pamenepo m'pamene amayi eni shopu anatulukira m'kachipinda kam'kati.

Apa ndinene zoona, mtima unayamba kutsika. Amayiwo anawerenga, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba, kenako n'kupepesa mwaulemu. Anandikumbutsanso chinthu chimene ndinaiwala chifukwa cha mkwiyo: mwanayo ndi Myao, ndipo pa Chiyao ng'oma amati ngoma, momwemo mopanda nkhodolero. Ndiye khutu lake linamuuza kuti foni ikunena zoona. Kuno ku Mangochi zinenero ziwirizi timazidyera mbale imodzi, sindingamunene kwambiri pamenepo. Ngakhale "mbale" yemweyo ndi mlandu wina: achemwali amalimbikira kuti wachibale tizilemba m'bale kuti asiyane ndi yodyeramo, pomwe Buku Lopatulika lakale la agogo, lija limalemba "cifukwa" mopanda h, limangoti mbale. Mabuku nawonso sagwirizana nthawi zonse, n'chifukwa chake wosindikiza amayenera kufunsa mwini ntchito asanasinthe kanthu. Nambala yanga inali papepala pomwepo.

Sanasindikizenso chatsopano, anati inki yakwera. Anadula kachidutswa kofiira ka sitika n'kumata pakati pa G ndi O, osandilipiritsa, n'kundibwezeranso K5,000 ya thiransipoti. Ukaima patali sungadziwe. Ukayandikira umaona kuti nkhodolero yapanikizika ngati munthu wachinayi pampando wa minibasi, ndipo kufiira kwake n'kosiyana pang'ono ndi zilembo zina.

Koma utoto wawo ndi wabwino, nsalu yake n'njolimba, mwera wa mwezi uno sunaing'ambe. Ndidzapitanso, koma ndidzaima kumbuyo kwa mnyamatayo mpaka ndione mawu pa sikirini asanadine. Nkhawa yanga ndi dzuwa la Okutobala, sitika ija ikamatuka ndibwereranso pa ulenje.