Ophunzira akamaunikirana mapepala a kafukufuku: Moodle Workshop, HotCRP kapena OpenReview?

Kalasi ya ophunzira 60 a sayansi ya makompyuta, aliyense akaunika mapepala atatu a anzake, imatulutsa ndemanga 180 zoti mphunzitsi agawe, atolere ndi kuziwerenga. Pa imelo ntchito imeneyi siingayende, nchifukwa chake pamafunika chida.

Ngati sukulu yanu ili kale ndi Moodle, pulogalamu yoyendetsera maphunziro pa intaneti, yambirani pa Workshop, gawo lake lothandiza ophunzira kuunikirana ntchito, poti palibe china choyika. Ntchito imadutsa magawo asanu: kukonza, kupereka mapepala, kuunika, kuwerengetsa malikisi ndi kutseka. Mumalemba rubric, ndiye kuti mndandanda wa mfundo zoperekera malikisi, kenako Moodle imagawa mapepala mwamaere. Ubwino wake waukulu ndi woti wophunzira amalandira malikisi awiri, 80 a pepala lake ndi 20 a kaunikidwe kake, ngati simunasinthe manambalawa. Malikisi a kaunikidwewo amapezeka poyerekeza ndi mmene ena aunikira pepala lomwelo, ndiye pepala lililonse lizikhala ndi ounika osachepera atatu. Akakhala awiri okha, Moodle ilibe njira yodziwira amene wasochera.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa mayina: wophunzira amaona dzina la mwini pepala limene akuunika, pokhapokha mutatseka chilolezo cha mod/workshop:viewauthornames pa udindo wa Student gawo lounika lisanayambe. Wachiwiri ndi wa ochedwa: pepala lobwera nthawi yogawa itadutsa limangokhala lopanda woliunika mpaka mutaligawa nokha pamanja.

HotCRP, yomwe analemba Eddie Kohler, ndi chida cha misonkhano yeniyeni ya akatswiri. Code yake ndi yotseguka, imayenda pa PHP ndi MySQL kapena MariaDB, ndipo mutha kuiyika pa seva ya dipatimenti. Ili ndi zomwe Workshop ilibe: wolemba amatchula anthu amene sayenera kuunika pepala lake, monga mnzake wa pulojekiti imodzi, ounika amasankha mapepala amene akuwadziwa bwino, amakambirana okhaokha, ndipo wolemba amapatsidwa mpata woyankha ndemanga chigamulo chisanaperekedwe. Kwa ophunzira a masters amene posachedwa atumiza mapepala ku misonkhano, mpata woyankhawu ndi phunziro lalikulu. Koma pamafunika munthu woyang'anira seva, ndipo imelo ya sevayo ikapanda kugwira ntchito, mauthenga otsegulira akaunti safika. Malikisi nawo mumakopera nokha kupita ku gradebook, kaundula wa malikisi a kalasi.

OpenReview, yomwe ICLR, msonkhano wa akatswiri a AI, umagwiritsa ntchito, imatchuka chifukwa choika ndemanga poyera. Ife tikuona kuti pepala loyamba la wophunzira silofunika kulidzudzula pamaso pa dziko lonse. Atumeni ophunzira akawerenge kumeneko ndemanga zenizeni ndi mayankho a olemba asanalembe zawo, basi.

Kaya mwasankha chiti, bisani mayina mbali zonse. Pa WSDM wa 2017, msonkhano wa akatswiri a sayansi ya makompyuta, anayesa njira ziwiri pa mapepala omwewo, yoonetsa mayina a olemba ndi yowabisa, ndipo ounika amene ankaona mayina ankakondera olemba otchuka ndi ochokera m'mayunivesite ndi makampani akuluakulu. M'kalasi zimafika poipa, chifukwa aliyense amadziwa katakwe wa programming komanso amene anayambana naye pa ntchito ya pagulu. Vuto ndi loti dzina limatulukira pena. Limakhala mu metadata ya PDF, zomwe zimasungidwa mobisika zokhudza fayiloyo, ndipo lamulo la pdfinfo limalionetsa pa mzere wa Author. Limakhala mu link ya GitHub, mu git log, ngakhale pa screenshot ya terminal pomwe pakuoneka /home/ ndi dzina la mwini. Auzeni ophunzira atumize code mu zip yopanda foda ya .git, kapena adzere pa Anonymous GitHub, tsamba lomwe limaonetsa code mobisa dzina la mwini wake.

Malikisi a anzawo asakhale chigamulo chomaliza. Mu 2014 NIPS, msonkhano waukulu wa akatswiri a AI, unapereka gawo limodzi mwa magawo 10 a mapepala ku makomiti awiri osiyana, ndipo anasiyana chigamulo pa pafupifupi pepala limodzi mwa anayi alionse. Amenewo anali akatswiri. Choncho mu Workshop, pa gawo lowerengetsa malikisi, tsegulani pepala lililonse lomwe ounika atalikirana kwambiri, muliunike nokha, ndipo mupatse ndemanga yanu weight, kapena kuti mphamvu pa malikisi, yoposa ya ophunzira musanatseke.